Kompyuta Ikayamba Kutentha Mutangoiikira Zida Zatsopano

Munthu akagula purosesa yatsopano kapena graphics card yamphamvu, amayembekezera kuti kompyuta yake iyamba kuthamanga kuposa kale. Nthawi zambiri zimaterodi, koma pena m'malo mwa liwiro mumabwera phokoso la mafani, magemu amayamba bwino kenako n'kumadodoma pakapita mphindi zingapo, ndipo zikafika poipa kompyuta imangozima yokha ngati magetsi athima. Ambiri amafulumira kunena kuti chida chatsopanocho n'chowonongeka, komatu pa makompyuta amene ndakhala ndikutsegula, vuto limapezeka kawirikawiri pa malo awiri: pamene manja a munthu anagwira pomanga, kapena m'bokosi limene linkakwanitsa kutulutsa kutentha kochepa koma tsopano mwalowa chida chotentha kwambiri. Choncho kufufuza kuyambire pa zimene munakhudza, ndipo kuyambe ndi kuyeza, osati kungoganizira.

Yezani kaye musanamasule chilichonse

Kugwira bokosi ndi dzanja sikukuuzani zambiri. Mpweya wotentha umene ukutuluka kumbuyo ukhoza kukhala chizindikiro chabwino, chifukwa ukusonyeza kuti kutentha kukuchokadi m'kati. Chodetsa nkhawa ndi pamene purosesa ikuonetsa madigiri 100 koma mpweya wotuluka uli wozizira, pakuti apo ndiye kuti kutentha kwatsekeredwa pa purosesa pomwepo ndipo sikukufika pa choziziritsira, chida chomangidwa pamwamba pa purosesa kuti chizichotsa kutentha.

Ikani pulogalamu yoyezera. Pa Windows ndimakonda HWiNFO chifukwa imaonetsa kutentha kwa purosesa, kwa GPU (purosesa ya pa graphics card), kwa SSD (chosungira mafayilo) ndi kwa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse) pa tsamba limodzi, komanso imasunga nambala yaikulu imene chida chilichonse chinafikapo, ndiye simufunika kukhala mukuyang'anitsitsa nthawi yonse. HWMonitor, Core Temp ndi GPU-Z zimathandizanso, ndipo amene ali pa Linux akhoza kugwiritsa ntchito lm-sensors. Yezani katatu. Koyamba lowani mu BIOS, pulogalamu ya motherboard yosinthiramo kagwiridwe ntchito ka zida, pokanikiza Del kapena F2 kompyuta ikamayaka, muone kutentha kwa purosesa isanayambe ntchito yeniyeni. Kachiwiri yezani Windows itatseguka koma simukuchita chilichonse, ndipo muyang'ane mu Task Manager kuti mutsimikize kuti ikupumadi, chifukwa Windows yoikidwa kumene pa SSD yatsopano imatha maola ikutsitsa zosintha ndi kusanja mafayilo mwakachetechete, zimene zimatenthetsa purosesa ngakhale palibe cholakwika. Kachitatu ipatseni ntchito yolemetsa, monga pulogalamu yoyesera ya Cinebench kwa mphindi 10 pa purosesa, kapena gemu yolemera pa graphics card.

Purosesa yopuma imakhala pakati pa madigiri 30 ndi 50, ndipo ikamagwira ntchito yolemetsa, madigiri 70 mpaka 85 si oopsa. Mapurosesa ambiri a Intel a makompyuta apadesiki ali ndi malire a madigiri 100, ndipo akafika pamenepo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, zimene HWiNFO imaonetsa pa mzere wolembedwa Thermal Throttling. Mapurosesa ambiri a AMD Ryzen 7000 anapangidwa mwadala kuti azikwera mpaka madigiri 95 akapatsidwa ntchito yaikulu, kotero amene wachoka pa purosesa yakale yomwe sinkapitirira 70 akhoza kuchita mantha ndi nambala imene kwa chida chatsopanocho ndi ya masiku onse. Musanaweruze, fufuzani malire a purosesa yanuyo pa tsamba la kampani imene inaipanga.

Koma nambala yokha siikwanira, muone mmene ikukwerera komanso mawati amene purosesa ikukoka pa nthawiyo. Ngati ikufika pa malire m'masekondi awiri kapena atatu pamene ikukoka mawati 60 kapena 70 okha, vuto ndi kakhudzidwe ka choziziritsira ndi purosesa. Ngati ikuyamba bwino n'kumakwera pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, ndiye kuti mpweya wotentha ukuunjikana m'bokosi. Pali njira yapafupi yotsimikizira zimenezi: chotsani chitseko cha m'mbali mwa bokosi, mubwereze ntchito yomweyo. Kutentha kukatsika kwambiri, tinene ndi madigiri 10, bokosi ndi limene likutsamwitsa zida. Kukapanda kusintha, bwererani pa choziziritsira.

Choziziritsira ndi mmene chakhalira pa purosesa

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri, chifukwa zolakwika zambiri zimabisala pansi pa heatsink, chitsulo cha choziziritsira chimene chimayamwa kutentha, pomwe maso saona. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi, kanikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zida. N'kwabwino kumasula choziziritsira kompyuta itangozima kumene, thermal paste, phala lopakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsira, ikadali yofunda ndi yofewa. Mukamasula masikuluu, chipotozeni pang'ono uku ndi uku musanachinyamule. Izi n'zofunika makamaka pa soketi (malo okhazikapo purosesa) ya AM4 ya AMD, pomwe timiyendo tamkuwa tili pa purosesa yeniyeniyo, chifukwa paste youma imamata mwamphamvu moti purosesa imazuka limodzi ndi choziziritsira, timiyendo n'kupindika.

Mukachinyamula, musafulumire kupukuta. Yang'anani kaye mmene paste yafalikira, pakuti imafotokoza zonse zimene zinachitika. Ikakhala yopyapyala ndiponso yafalikira mofanana pa chitsulo chonse, ndiye kuti choziziritsira chinakhala bwino. Ikakhala yaunjikana mbali imodzi pomwe mbali ina ndi yowuma, chinapendekeka. Ikakhala idakali kadontho pakati monga munaiikira, ndiye kuti zitsulo ziwirizo sizinakhudzane n'komwe.

Yang'ananinso pansi pa choziziritsira chenichenicho. Zoziziritsira zatsopano zimabwera ndi kapulasitiki koteteza chitsulo kuti chisakalike, ndipo kena kamakhala koonekera bwino moti diso limakadutsa. Tsiku lina anandibweretsera kompyuta imene inkazima isanathe ngakhale mphindi 5 itayamba gemu. Mwini wake anali atawonjezera kale mafani awiri, atasinthanso power supply, chida chopereka magetsi ku zida zonse, koma vuto linali pomwepo. Nditanyamula choziziritsira ndinapeza paste itapakika bwinobwino pamwamba pa kapulasitiki, ndipo mawu ofiira ochenjeza kuti kachotsedwe ankaonekabe pansi pa utoto wotuwawo, m'mphepete mwake mutayamba kukwinyika ndi kutentha. Titakamatula n'kupaka paste yatsopano, purosesa yomweyo inagwira ntchito tsiku lonse osafikanso pa malire. Zinandimvetsa chisoni kuti munthuyo anali atawononga ndalama pa zinthu zimene sizinali ndi mlandu, ndipo n'chifukwa chake ndimaumirira kuti pansi pa choziziritsira paziyang'anidwa chinthu china chilichonse chisanagulidwe.

Paste yakale siyenera kugwiritsidwanso ntchito choziziritsira chikangonyamulidwa, chifukwa mumalowa timatumba ta mpweya, ndipo mpweya sutumiza bwino kutentha. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi isopropyl alcohol, makamaka ya 90 peresenti kapena kuposa, pa kansalu kosasiya ulusi, mpaka chitsulo chiwale. Kenako ikani kadontho kamodzi pakati, kotambalala mamilimita 4 kapena 5. Pa mapurosesa otalika ngati a soketi ya LGA1700 ya Intel, kamzere kapena timadontho tingapo timafalikira bwino kuposa dontho limodzi. Ntchito ya paste ndi kutseka timipata tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwiri, choncho siifunika yochuluka, ngakhale kuti kuperewera kwake kumapweteka kuposa kuchulukirako pang'ono. Ngati choziziritsira chatsopano chabwera ndi paste yopakiratu ku fakitale, musawonjezerepo ina.

Pomanga, musalimbitse sikuluu imodzi mpaka mapeto zinazo zili zomasuka. Zunguzani iliyonse kawiri kapena katatu, mukudumphira ku ngodya yopingasa nayo, n'kumabwerezabwereza mpaka zonse zitalimba mofanana. Zoziziritsira za Intel zobwera m'bokosi la purosesa zimakhala ndi timapini tinayi tokankha, ndipo kamodzi kakapanda kulowa mpaka kumveka kulira, choziziritsira chimaoneka ngati chakhala pomwe ngodya imodzi ili m'mwamba. Tembenuzani bokosi muone kuseri kwa motherboard ngati tonse tinayi tatulukira mofanana.

Palinso nkhani ya zomangira zosagwirizana ndi soketi. Intel itatulutsa LGA1700 mu 2021, mabowo omangira anatalikirana mamilimita 78 m'malo mwa 75 a pa LGA1200 ndi LGA1151, ndipo purosesa inakhala yotsikirako pang'ono. Ma motherboard ena ali ndi mabowo a mitundu yonse iwiri, ndiye choziziritsira chakale chimalowa n'kuoneka cholimba, koma sichipanikiza purosesa mokwanira. Mankhwala ake ndi kupeza zomangira zopangidwira LGA1700, zimene makampani ambiri a zoziziritsira amapereka padera. Kumbali ya AMD zinthu n'zosavuta, chifukwa zoziziritsira zambiri za AM4 zimakhala bwino pa AM5, kupatula zimene zimafuna kuchotsa chitsulo cha kuseri kwa motherboard.

Mukamaliza, onetsetsani kuti chingwe cha fani chalowa polembedwa CPU_FAN, ndipo muyatse kompyuta chitseko chili chotsegula kuti muone ndi maso kuti ikuzungulira. Fani ya timapini 4 imayendetsedwa ndi PWM, chizindikiro chodzera pa kapini kachinayi, pomwe ya timapini 3 imayendetsedwa posintha mphamvu ya magetsi, njira yotchedwa DC, ndiye mu BIOS musankhe PWM kapena DC mogwirizana ndi fani yanu, apo ayi liwiro lake silitsatira kutentha moyenera. Amene anaika choziziritsira cha madzi aonetsetse kuti pampu ikuyenda. BIOS imaonetsa liwiro lake, ndipo mukagwira paipi mumamva kunjenjemera pang'ono. Pampu ilumikizidwe pa AIO_PUMP kapena pa malo ena oikidwa kuti azipereka mphamvu yonse nthawi zonse, ndipo isakhale pamwamba kuposa nsonga ya rediyeta, chifukwa mpweya umene uli m'kati umakwera n'kukakhala pa malo okwera kwambiri. Ukakhala mu pampu mumamva kukhuluza ndipo madzi sayenda bwino.

Chida chatsopano chimadya magetsi ochuluka bwanji?

Pafupifupi magetsi onse amene kompyuta imakoka amasanduka kutentha. Mfundo imeneyi ndi imene anthu amaiwala akamagula zida. Graphics card ya GTX 1060 inkakoka mawati 120, RTX 3080 imakoka 320, ndipo RTX 4090 imafika 450. Amene wachotsa yoyambayo n'kuika yachiwiriyo wawonjezera mawati 200 a kutentha m'bokosi lomwe lija, ndi mafani omwe aja, ndipo gawo lalikulu la mpweya wotenthawo limakwera n'kukalowa mu choziziritsira cha purosesa. N'chifukwa chake purosesa imene simunaikhudze n'komwe imatha kuyamba kutentha mutangosintha graphics card.

Pa mapurosesa, nambala yolembedwa pa bokosi imasocheretsa. Core i9-13900K imalembedwa mawati 125, koma ikathamanga ndi mphamvu zonse imaloledwa kufika 253. Core i5-12400 imalembedwa 65 koma imakwera mpaka 117. Ryzen 9 7950X imalembedwa mawati 170 pomwe malire ake enieni pa soketi ndi 230. Choziziritsira chaching'ono cha aluminiyamu chimene chinkasamalira purosesa ya mawati 65 sichingathe kunyamula katundu wotere, ngakhale mutachimanga mwaluso chotani. Ngati paste yafalikira bwino, fani ikuzungulira, heatsink ikutentha mukaiyandikizira dzanja, ndipo purosesa ikufika pa malire ikukoka mawati ochuluka, ndiye kuti palibe chimene munalakwitsa pomanga, choziziritsiracho chachepa basi.

Musanagule china, lowani mu BIOS. Yambani ndi kubwezeretsa zonse mwakale posankha Load Optimized Defaults, chifukwa zimene munasintha pa purosesa yakale, makamaka voteji, sizoyenera pa yatsopano. Ikaninso BIOS yatsopano kuchokera kwa opanga motherboard. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene ali ndi Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, chifukwa mu 2024 Intel inatulutsa microcode, malangizo a m'kati mwa purosesa, yokonza vuto la voteji yokwera kwambiri, ndipo imafika kwa ogwiritsa ntchito kudzera mu BIOS. Ma motherboard ena amachotsa okha malire a mphamvu, monga zimachitikira ndi Multi-Core Enhancement, ndiye muzimitse zimenezo kapena mulembe nokha manambala a PL1 ndi PL2, malire a mawati amene Intel inaika. Pa AMD pali Eco Mode, imene imatsitsa purosesa ya mawati 170 kuti izigwira ntchito ngati ya 105 kapena 65. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi njira yanzeru osati yogonja, chifukwa mawati omalizira ndi amene amabweretsa kutentha kochuluka pomwe liwiro lowonjezereka ndi lochepa, ndipo pa magemu ambiri kusiyana kwake sikuoneka ndi maso. Chimodzimodzi pa graphics card: mu pulogalamu ya MSI Afterburner mukatsitsa Power Limit kufika pa 80 peresenti, kutentha ndi phokoso zimatsika moonekeratu pamene liwiro latsika pang'ono chabe.

Mpweya uzikhala ndi polowera ndi potulukira

Bokosi labwino limakoka mpweya wozizira kutsogolo ndi pansi, n'kutulutsa wotentha kumbuyo ndi pamwamba. Pomanga, n'zosavuta kutembenuza fani. Mbali imene ili ndi timitanda togwira mota ndi kumene mpweya umatulukira, ndipo mafani ambiri ali ndi timivi tiwiri m'mphepete, kena kosonyeza kozungulira, kena kosonyeza kumene mpweya ukupita. Mukakayikira, yandikizani kapepala kopepuka: kakamatirira pa bokosi ndiye fani ikukoka, kakauluzika ndiye ikutulutsa. Onaninso fani ya pa choziziritsira cha purosesa, iyenera kukankhira mpweya kudutsa mu heatsink kulowera ku fani ya kumbuyo, osati ziwirizo kumalimbana.

Ma graphics card amakono ndi aakulu, ena amatenga malo atatu olowetsamo makhadi kapena kuposa, ndipo anthu ena amachotsa fani yakutsogolo kuti alowe n'kuiwala kuti imeneyo ndi imene inkabweretsa mpweya. Ena amatsala ndi mpata wochepa kwambiri pakati pa mafani a GPU ndi chophimba cha power supply, kapena amaiimika chilili pafupi ndi galasi, pomwe siingapume. Siyani mpata, chotsani makhadi osafunika amene ali pansi pake, ndipo mangani zingwe kuseri. Musadabwe mukaona mafani a GPU ataima kompyuta ikupuma, chifukwa ambiri anapangidwa kuti aziyamba kuzungulira kutentha kukafika pa madigiri 50 kapena 60. Akapanda kuzungulira gemu ili m'kati, yang'anani ngati chingwe china chawatsekereza.

Poti bokosi ndi lotsegula kale, chotsani fumbi pa zosefera ndi pakati pa timapepala tachitsulo ta heatsink pogwiritsa ntchito burashi yofewa kapena mpweya wopopera, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Power supply ikhale ndi fani yake yoloza kumene kuli mpata wopumira, ndipo ngati yaloza pansi, bokosi lisakhale pa kapeti. Ikakhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi zida zatsopano imatentha, imachita phokoso, ndipo imatha kuzimitsa kompyuta mwadzidzidzi ngakhale purosesa ndi GPU zikuonetsa manambala abwino. Musaitsegule m'kati muli monse, pakuti makapasita ake amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

Zida zing'onozing'ono zoiwalika

Kuzungulira soketi ya purosesa kuli tizida totchedwa VRM, timene timatsitsa magetsi a mavoti 12 kufika pa mlingo umene purosesa imafuna. Motherboard yotsika mtengo ikhoza kulandira purosesa yaikulu n'kuyaka bwinobwino, koma VRM yake yopanda heatsink imatentha mpaka kukakamiza purosesa kutsitsa liwiro, pamene purosesayo ikuonetsa madigiri 70 okha. Zimachitikanso munthu akasamukira ku choziziritsira cha madzi, chifukwa fani yakale inkapemerera malo amenewa mosadziwika ndipo tsopano palibe chowapemerera. Fani imodzi pamwamba kapena kumbuyo imathandiza kwambiri.

SSD za NVMe, makamaka za PCIe 4.0 ndi 5.0, zimatenthanso, ndipo zambiri zinalembedwa kuti zizigwira ntchito mpaka madigiri 70. Mukaona kukopera mafayilo aakulu kukuyamba mwaliwiro kenako n'kugwa, yang'anani kutentha kwake mu pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikani SSD pansi pa heatsink ya motherboard, ndipo kumbukirani kuti kansalu kofewa kotumiza kutentha ka pansi pake nakonso kali ndi kapulasitiki koyenera kumatula. RAM payokha siivuta kawirikawiri, koma mukayatsa XMP kapena EXPO, zosankha za mu BIOS zothamangitsira RAM, motherboard imakweza voteji ina ya m'kati mwa purosesa, ndiye ngati kutentha kunayamba tsiku limene munaziyatsa, zizimitseni muyezenso.

Pa laputopu, pomwe anthu ambiri amangosintha RAM ndi SSD, cholakwika chofala ndi kachingwe ka fani kamene kanazuka potsegula chivundikiro, kapena tinsalu totumiza kutentha timene tinasuntha. Ngati munamasula heatsink, tsatirani manambala olembedwa pafupi ndi masikuluu pomanga.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mubwereze muyeso womwewo, ndipo muzilemba manambala pamodzi ndi kutentha kwa chipinda, chifukwa chipinda chikatentha ndi madigiri 5, zida nazonso zimakwera pafupifupi mofanana. Pokhapokha zonsezi zitayesedwa m'pamene chida chenichenicho chingakayikiridwe. Pa graphics card, GPU-Z imaonetsa kutentha kwa GPU ndi kwa Hot Spot, malo ake otentha kwambiri, ndipo kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 15 n'kwachibadwa. Kukafika pa 30 pa chida chatsopano, n'kutheka kuti choziziritsira chake sichinakhale bwino kuchokera ku fakitale. Jambulani manambalawo, musamasule masikuluu ake, ndipo muibweze kumene munagula nthawi ya waranti isanathe.